Mbewa ya Manyazi Idafera ku Una

Mwezi uno tikukupatsirani zimene analankhula mmodzi mwa alangizi a achinyamata anzawo pa tsiku limene makalabu angapo anakumana kuti aonetsane maluso. Tazilemba monga m'mene anazilankhulira. Werengerani limodzi m'kalabu yanu, kenako mukambirane mafunso amene ali kumapeto.

    

Andipatsa nthawi yochepa, ndiye sindizungulira. Ndiyambe ndi funso, koma muyankhe mumtima. Ndi angati muno amene ali ndi kope limene salionetsa munthu? Kope lija lakuti kumapeto kwake kuli ndakatulo, kapena nyimbo, kapena zithunzi za madiresi amene mumalakalaka mutasoka tsiku lina. Limakhala pansi penipeni pa chikwama kuti mlongo wanu asalipeze. Nanga ndi angati amene amaimba bwino akakhala kubafa kapena kudimba, koma akangomva mapazi a munthu nyimbo ija imasanduka chifuwa? Ndaona ena mukuseka, ndiye kuti mulipo.

Nkhani yanga lero ndi imodzi basi. Luso lambiri m'makalabu athu likufa lisanaonedwe ndi munthu, ndipo chimene chikulipha kwambiri ndi mantha. Umphawi ulipo, sindikukana. Kusowa kwa zipangizo kulipo. Koma pepala ndi cholembera tili nazo, mawu tili nawo, manja tili nawo. Ambirife tikudikira tsiku limene mantha adzathe kuti tidzayambe. Anzanga, tsiku limenelo silibwera. Munthu amayamba mantha ali pomwepo, ndipo amachepa ali m'kati mochita. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi idafera ku una. Chakudya chinali panja, njira inali yotseguka, koma inkaopa kuonedwa.

Kodi kwenikweni timaopa chiyani?

Tikati mantha, tisamangowatchula ngati chinthu chimodzi chachikulu chopanda nkhope. Tiwatchule mayina.

Oyamba ndi mantha a kusekedwa. Awa ndiye bambo wa onse. Ukaima kutsogolo, wina akatsinzinira mnzake, wina akati "aise, uyu akuti ndi woimba eti," basi mtima umagwa. Masiku ano zafika poipa chifukwa cha foni. Kale ukalakwitsa, amaseka anthu amene analipo, mawa n'kuiwala. Lero wina amakujambula, madzulo uli pa WhatsApp, mawa wafika pa Facebook, anthu amene sunawaonepo akukuseka.

Achiwiri ndi mantha akuti anthu ati ukudzimva. Kwathu kuno mwana amene wayamba kuchita chinthu chosiyana ndi anzake amamva mawu akuti "akufuna aoneke," "watukumuka," "ndi ndani iyeyu." Ndiye timadzichepetsa mpaka kuzimiririka, n'kumaganiza kuti umenewo ndiye ulemu.

Achitatu ndi mantha a kunyumba. "Zoimbaimbazo udya?" "Kujambula kumeneko kulemba mayeso?" Makolo akatero nthawi zambiri amakhala akutiopera njala, chifukwa anaiona. Koma ife timamva ngati atiuza kuti luso lathu ndi lachabechabe.

Achinayi amagwera kwambiri atsikana. Mnyamata akakwera pa siteji amati ndi wolimba mtima. Mtsikana akakwera pa siteji yomweyo, ena amayamba kumutchula mayina oipa, akuti wayamba kulowerera. Atsikana ambiri aluso asiya kuvina, kuimba ndi kuchita zisudzo pofuna kuteteza mbiri yawo.

Omaliza ali m'kati mwathu momwemo: bwanji ndikayesa, n'kupeza kuti ndilibe luso? Kope likakhala lotseka, umatha kumadziuza kuti ndine katswiri, anthu sanandidziwe chabe. Ukalitsegula pagulu, maloto aja amakumana ndi choonadi, ndipo zimenezi zimaopsa.

Ndikumbutseko pang'ono za kale. Makolo athu anakhalapo m'nthawi imene cholembera chinkatha kukutsekeretsa m'ndende. Jack Mapanje, mlakatuli amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, anamangidwa mu 1987 ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ngakhale m'ndendemo ankapekabe ndakatulo n'kumazisunga m'mutu. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa ndime 35, anapereka ufulu wolankhula zakukhosi kwa munthu aliyense. Ndiye taonani, anzanga: chitseko chimene ena anachivutikira chinatseguka, koma ambirife tadzitsekera tokha chifukwa cha kuseka kwa anthu anayi a kumbuyo kwa kalasi.

Zimene zimachitika m'thupi

Amene mwafika Fomu 4 mukukumbuka za adrenaline. M'ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene kamagwira ntchito ngati mlonda. Kakaona choopsa, kamatumiza uthenga mwachangu, ndipo tizigawo timene tili pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline m'magazi. Mtima umayamba kugunda mofulumira kuti magazi afike m'minofu. Mpweya umakhala wapafupipafupi. Malovu amachepa, n'chifukwa chake kukamwa kumauma. M'mimba mumabwadamuka, manja amachita thukuta, mawondo amagwedezeka. Thupi likukonzekera kuthawa kapena kumenyana.

Zimenezi n'zothandiza ukakumana ndi njoka m'njira. Vuto ndi lakuti mlonda ameneyu sasiyanitsa bwino njoka ndi anthu makumi atatu amene akhala pa mabenchi kudikira ndakatulo yako. Kwa iye zonsezi ndi ngozi. Choncho ukanjenjemera pagulu, sindiye kuti ulibe luso, komanso sindiye kuti wina wakulodza. Thupi lako likungogwira ntchito yake pamalo posafunikira.

Tsono mvetserani apa, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Ukathawa, tinene kuti anakuitana kuti uimbe iwe n'kunamizira mutu, umamva mpumulo nthawi yomweyo. Mpumulo umenewo ndi wokoma, koma umaphunzitsa ubongo kuti "wapulumuka chifukwa unathawa." Ulendo wotsatira mantha amabwera atakula. Koma ukaima, n'kuimba ngakhale mawu akunjenjemera, n'kutsika uli wamoyo, ubongo umaphunzira kuti palibe chimene chinakudya. Ukabwereza kangapo, mlonda uja amayamba kuzolowera. Akatswiri othandiza anthu amene ali ndi mantha opitirira muyezo amagwiritsa ntchito njira yomweyi: kuyandikira chinthu chimene ukuchiopa pang'onopang'ono, mobwerezabwereza.

Ine ndinayamba kulakatula ndili Fomu 2. Tsiku loyamba pa asembule, pepala linkanjenjemera m'manja mwanga mpaka a mzere wakutsogolo ankalimva. Lero ndaima pagulu kambirimbiri, koma mukanagwira dzanja langa ndisanabwere kutsogolo kuno, mukanapeza thukuta. Mantha ndikadali nawo. Chimene chinasintha n'chakuti ndimawadziwa, ndipo ndimadziwa kuti ndikangodutsa mizere iwiri yoyamba amakhala pansi.

Mnyamata amene ankamutcha wamisala

Ambiri mwamvapo za William Kamkwamba, koma nthawi zambiri timangomva mathero a nkhani yake, oti anapita ku America ndipo anamupangira filimu. Ine ndikufuna tione pakati pake, pamene ankasekedwa.

William anabadwa mu 1987 ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala pafupi ndi Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi, ndipo anasiya sukulu atangoyamba kumene sekondale. Anali ndi zaka 14. M'malo mongokhala pa msika, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawoko. Kumeneko anapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho ankadalira kwambiri zithunzi ndi zojambula za m'mabukuwo. Anatsimikiza zopanga makina ake, kuti kunyumba kwawo kukhale magetsi.

Ndalama zogulira zipangizo analibe. Anayamba kumapita kumalo kotayako zitsulo zakutha, n'kumatola chilichonse chimene akuona kuti chingathandize. Malowo anali pafupi ndi sukulu imene anasiyira. Taganizani zimenezo. Anzako a dzulo ali m'kalasi ndi yunifolomu, iwe uli pa dzala ukufukula zitsulo, akukuona. Anthu ankamunena kuti wapenga, ena ankati wayamba kusuta chamba. Ngakhale mayi ake ankada nkhawa poona zinyalala zimene ankaunjika m'chipinda mwake.

Anatenga fani ya thirakitala, felemu ya njinga ya bambo ake, mapaipi a pulasitiki amene anawawotcha n'kuwaphwatalitsa kuti akhale mapiko, ndi mitengo ya bulugamu yomangira nsanja. Dayinamo ya njinga inamusowa mpaka mnzake wina anamugulira. Msuweni wake nayenso ankamuthandiza. Tsiku loyesa makinawo, anthu anasonkhana, ambiri a iwo atabwera kudzaona wamisala akuchita manyazi. Mphepo inaomba, mapiko anazungulira, babu linayaka. Patsogolo pake makinawo ankayatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri, ndipo anthu a m'mudzi anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo mantha ndi zonenanena zinatha. Ayi. Mvula itavutanso chaka china, ena ananena kuti makinawo ndi a ufiti, akuthamangitsa mitambo. Nkhani yake inatuluka m'nyuzipepala ya Daily Times mu 2006, ndipo mu 2007 anamuitana ku msonkhano waukulu wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Iye mwini anadzafotokoza pambuyo pake kuti ataima pamaso pa anthu aja, Chingerezi chinamuthawa ndipo ankamva ngati asanza. Analankhulabe mawu ochepa amene anali nawo. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009. Anamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014, ndipo filimu ya nkhani yake, imene anaiwongolera Chiwetel Ejiofor, inatuluka mu 2019.

Sindikunena kuti aliyense muno adzakwera ndege. Ambiri amene amayesa zinthu satchuka, ndipo palibe cholakwika. Koma pa nkhaniyi nditolepo zinthu zitatu. Anayamba ndi zimene zinali pafupi. Anasekedwa kwa miyezi yambiri babu lisanayake, ndipo ankabwererabe ku dzala kuja. Ndipo sanali yekha: panali anzake awiri amene sanaseke nawo. Chachitatuchi muchisunge, ndibwereranso.

"Ndikadzapeza zipangizo ndidzayamba"

Mawu amenewa ndawamva kambiri. Ndikadzapeza gitala yabwino. Ndikadzapeza foni ya kamera yabwino. Ndikadzapeza ndalama ya ku studio. Nthawi zina n'zoona, koma nthawi zambiri amakhala mantha omwe aja atavala jekete kuti aoneke aulemu.

A Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anaimba zaka zambiri m'misewu ya mu Lilongwe. Zida zawo ndi babatoni ya chingwe chimodzi yopanga okha, gitala ya zingwe zinayi, ndi ng'oma yoimba ndi chidendene. Anthu ambiri ankangowadutsa. Mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo anayamba kuitanidwa ku Ulaya, akuimbabe ndi zida zomwezo komanso m'Chichewa chomwechi. Upile Chisala, mtsikana wokulira ku Zomba, sanadikire kampani yosindikiza mabuku kuti imuvomereze. Buku lake loyamba la ndakatulo analitulutsa yekha mu 2015.

Ana athu aang'ono amatiposa pa nkhani imeneyi. Mwana akafuna galimoto amatola mawaya. Akafuna mpira amamanga majumbo. Safunsa ngati ali ndi luso. Tonsefe tinali otero. Manyazi tinachita kuwaphunzira tikukula, ndipo chimene unachita kuphunzira ukhoza kuchisiya.

Mantha ena ndi oyenera kuwamvera

Ndisanapitirire, ndisiyanitse, kuti wina asakanene kunyumba kuti alangizi anati tisamaope chilichonse. Pali mantha amene amakuletsa kukula, ndipo pali mantha amene amakuteteza.

Achemwali anga, munthu akakuuzani kuti muli ndi mawu abwino, akujambulirani nyimbo ulere, koma mubwere nokha madzulo ndipo musauze aliyense, mtima ukagunda pamenepo muumvere. Luso lanu silifuna kuti mulipire ndi thupi lanu. Munthu wofuna kukuthandizani moona sakana kuti mubwere ndi mnzanu kapena a matironi, ndipo saopa kuti makolo anu adziwe. Anyamata, izi zimachitikiranso ife. Wina akakuvutitsani motere, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kapena imbani pa nambala yaulere ya 116.

Chinanso, pali amene amati kuti manyazi achoke, uyambe wamwako pang'ono kapena kusutako. Imeneyo ndi ngongole ya katapira. Ubongo umaphunzira kuti popanda botolo sungathe kuima pagulu, ndipo mawa udzafuna awiri. Komanso tonse tikudziwa, kuchokera m'zimene timaphunzitsana m'makalabu, zisankho zimene munthu amapanga akaledzera.

Ndipo ngati mantha anu afika poti simugona, simudya, mukulephera kupita kusukulu kapena kukhala ndi anthu, limenelo ndi vuto la umoyo ngati ena onse. Pitani kuchipatala, kumbali yothandiza achinyamata, mukafotokoze.

Tiyambire pati?

Nazi zinthu zisanu ndi chimodzi zimene ife tayesa m'kalabu yathu ndipo zatithandiza.

1. Lembani chimene mukuopa. Osangoti "ndimachita mantha." Lembani kuti, "ndikuopa kuti ndikaiwala mawu, anyamata a Fomu 3 andiseka." Kenako dzifunseni: zikachitikadi, pakatha sabata ndidzakhala ndili kuti? Mudzapeza kuti mudzakhala muli moyo, mukudya nsima monga mwa masiku onse.

2. Lolani kuti choyamba chikhale choipa. Ndani muno amene nsima yake yoyamba inali yabwino? Inali yosapsa, mwinanso yopserera pansi, ndipo azichimwene anadandaula. Koma simunasiye kuphika. Ndakatulo yoyamba, sewero loyamba, siketi yoyamba, zonsezi ndi nsima yoyamba. Musaziyerekeze ndi ntchito ya munthu amene wachita zimenezi zaka makumi awiri.

3. Kwerani makwerero. Yambani muli nokha, mokweza mawu. Kenako pamaso pa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Kenako anthu atatu. Kenako kalabu yonse. Kenako tsiku ngati la lero. Musachoke pa sitepe imodzi mpaka mtima utayamba kukhazikika, komanso musakhalepo chaka chonse. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

4. Ikani nthawi. Mphindi 20 tsiku lililonse, mukamaliza ntchito za pakhomo ndi homuweki, zimaposa kudikira tsiku limene mudzamve kuti mzimu wabwera. Mphindi 20 pa tsiku ndi maola 10 pa mwezi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

5. Musanakwere pa siteji, pumani mozama kangapo, ndipo potulutsa mpweya muzichedwa kuposa pokoka. Zimenezi zimathandiza kuti mtima uchepetse liwiro. Mwani madzi pang'ono. Mizere iwiri yoyamba muiloweze mpaka muzitha kuinena muli m'tulo, chifukwa mantha amakula kwambiri poyambirira. Pezani nkhope imodzi yokoma mtima m'gulumo, muyambe kulankhula ndi imeneyo.

6. Makolo musalimbane nawo, aonetseni. Sukulu isatsike chifukwa cha luso, chifukwa ikatsika mwawapatsa umboni wakuti ankanena zoona. Aitaneni tsiku limene kalabu ikuonetsa zinthu. Asokereni mayi anu kachikwama, akonzereni bambo anu wailesi. Kholo limene laona anthu akuombera m'manja mwana wake limayamba kulankhula mosiyana.

Nanga ife amene timakhala pa benchi?

Tsopano ndibwerere ku anzake awiri a William aja. Nthawi zonse tikamakamba za mantha timaloza munthu amene akuopayo, kuti limba mtima, dzikhulupirire. Koma kodi amene amamuopsawo ndi ndani? Ndi ife tomwe. Munthu yemweyo amene akubisa kope lake ndi amene amayamba kuseka mnzake akatsegula lake. Mwina timaseka chifukwa mnzathuyo wachita chimene ife tikuchiopa.

Mawu amodzi akhoza kutseka pakamwa pa munthu kwa zaka. M'kalabu yathu muli mtsikana wina amene anakhala nafe miyezi isanu ndi umodzi osalankhula. Tinkangoti ndi wofatsa. Tsiku lina tikukonza sewero, mathero ake anatikanika, ndipo iye ananong'oneza mnzake m'mene lingathere. Mnzakeyo ananena mokweza kuti, "Tamverani izi, si zanga, ndi za uyu." Mathero amenewo ndi amene tinagwiritsa ntchito. Pambuyo pake tinamva kuti ali ku pulayimale anawerengapo nkhani yake m'kalasi, anzake anamuseka, ndipo kuyambira pamenepo ankangolemba mobisa. Lero masewero athu awiri mwa atatu amalemba ndi iyeyo. Chimene chinafunika ndi mnzake mmodzi womutchula dzina pagulu mwaulemu.

Choncho ndikupempha kalabu iliyonse kuti ikagwirizane malamulo awa.

Munthu akamaonetsa chinthu koyamba, foni zikhale m'thumba. Palibe kujambula kapena kutumiza popanda chilolezo cha mwini wake.

Akamaliza, tiyambe tamuuza chinthu chimodzi chimene chatigwira mtima, ndipo tichitchule bwinobwino. "Zinali bho" sizithandiza. Nenani kuti, "pamene unafanizira njala ndi mlendo wosatsanzika, ndinaona agogo anga." Kenako tinene pamene sitinamve bwino, ngati funso. Kunamizana kuti zonse zili bwino nakonso n'kupha luso, chifukwa munthu sakula. Koma tikonze ntchitoyo, tisanyoze mwini wake.

Tisinthane mbali. M'makalabu ambiri anthu anayi omwewo ndi amene amatenga mbali zonse zikuluzikulu, ena n'kumangonyamula mabenchi. Mwezi uliwonse pakhale munthu mmodzi amene sanaimepo kutsogolo.

Atsikana asamangopatsidwa mbali ya mayi wolira kapena mtsikana wolowerera. Alembe, awongolere, aimbe ng'oma. Du Chisiza Jr., amene anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, atamwalira mu 1999, amene anatsogolera gululo anali mayi, Gertrude Kamkwatira, ndipo pambuyo pake anayambitsa gulu lake la Wanna-Do. Ankalemba yekha masewero, kuwawongolera ndi kuchita nawo. Du Chisiza mwiniwakeyo anayamba kudziwika ali mwana wa sukulu ya sekondale, pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu. Anthu amenewa anayambira pa mabenchi ngati amene mwakhalirawa.

Pomaliza, tikumbukire kuti luso si siteji yokha. Wina amaluka, wina amaumba, wina amakonza mafoni, wina amapeka njira yatsopano yothirira dimba, wina amaphika mandasi amene sanaphikepo munthu pa msika wonse. Onsewa amakumana ndi funso limodzimodzi lakuti "anthu ati chiyani." Kalabu ikhale malo amene funso limeneli lili ndi yankho labwino.

Ntchito ya kunyumba

Sindikufuna kuti muombe m'manja kenako n'kuiwala pofika pa depoti. Ndikupatsani ntchito. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, aliyense abweretse chinthu chimodzi chimene wapanga yekha. Chikhoza kukhala cha mizere inayi, chikhoza kukhala chosamaliza. Ngati kuima kutsogolo kukukulirani, perekani kwa mnzanu akuwerengereni inu muli pomwepo. Ndipo musanachoke pano lero, pezani munthu mmodzi, mumuuze chimene mudzabweretse, kuti adzakufunseni. A matironi ndi a patironi, chonde tipatseni mphindi 30 pa msonkhano umenewo, ndipo ngati n'kotheka inunso mubweretse kanthu, tione kuti nanunso mawondo amagwedezeka.

Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. 

Mafunso oti mukambirane m'kalabu yanu

1. Mwa mitundu isanu ya mantha imene yatchulidwa, ndi uti umene uli wofala kwambiri m'dera lanu? Kodi ndi wofanana kwa anyamata ndi atsikana?

2. Mungasiyanitse bwanji mantha oyenera kuwamvera ndi mantha olepheretsa? Perekani zitsanzo ziwiri pa mtundu uliwonse.

3. Kodi m'kalabu yanu alipo amene sanaimepo kutsogolo chiyambire? Mungatani mwezi uno kuti apeze mpata popanda kumukakamiza?

4. Konzani sewero la mphindi 5 loonetsa wachinyamata akufotokozera kholo lake za luso lake mwaulemu. Mbali zikuluzikulu zitengedwe ndi amene sanachitepo sewero.